Nkhata ya Maluwa a Pakhoma

Tsiku limene tinaika mkazi wanga Edina kunacha ndi nkhungu. Unali mwezi wa Juni, nyengo ya manachesi, ndipo mvula ya mawawa inali itayamba dzulo lake, ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Ndinadzuka kusanayere, ngati ndinganene kuti ndinagona, chifukwa ndinangotsamira tsinde la nachesi pafupi ndi moto wa amuna. Chinanditsegula maso ndi phokoso la makasu ndi mapiki akugundana. Adzukulu anali pa ulendo wokayamba manda. M'nyumba amayi a mumpingo ankaimba motsitsa, mawu atasasa ndi kuchezera. Kutali, kumsewu waukulu, magalimoto a katundu ankabuula pokwera chitunda cha kumalire monga amachitira tsiku lililonse.

Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Neno. Ndinabwera kuno kwa Nthache ndili mnyamata, ndinamanga pamalo a akuchikazi, ndinadzala mitengo ya manachesi, ndipo ndakalambira pano. Kumpingo anandiika kukhala mkulu, koma pa maliro a mkazi wake mkamwini sakhala ndi mawu. Mwini maliro ndi mwini mbumba, mlongo wake wa Edina. Yanga ntchito tsiku limenelo inali kukhala pampando umene anandiikira, kulandira manja a anthu, ndi kusunga lonjezo limodzi limene ndinachita kwa Edina asanatsirizike.

Kutayera pang'ono ndinaona amayi angapo atawerama m'mbali mwa khoma la nyumba yathu, akubudula maluwa opangira nkhata. Ndi maluwa aja omera okha, a masamba onyezimira, ena apinki ena oyera, amene mumawaona pakhomo pa anthu ambiri ngakhale kumanda. Mbuzi siziwadya. Edina ankawathirira ndi madzi otsukira mbale ndipo anali atazungulira khonde lonse. Wotsogolera ntchito yobudulayo anali mkulu wake wa Edina. Mwana wathu Tadala amawatchula kuti amayi aakulu, ndipo inenso ndiwatchula chomwecho. Nditawaona atagwira maluwawo m'manja ndinatembenuza mpando kuti ndiyang'ane kumoto.

Kuti owerenga amvetse chifukwa chake, ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Tadala ndi mwana yekhayo amene Mulungu anatisiyira. Anaphunzira mpaka kupita kuyunivesite ya kutsidya kwa nyanja, kumene amafufuza mankhwala a khansa. Pa Khirisimasi yapitayo anabwera kudzaona amayi ake, amene anali atayamba kale kulandira mankhwala a diripi kuchipatala chachikulu ku Blantyre chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Tsiku lina tili pakhonde Edina anamufunsa kuti, "Kodi iwe kumeneko umachita chiyani kwenikweni? Anthu akandifunsa ndimasowa choyankha."

Tadala anathyola duwa limodzi pakhoma paja. Anati m'chomera chimenechi muli mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito pa mitundu ina ya khansa, akawasefa bwinobwino kumafakitale. Koma mankhwalawo ndi aukali, sasankha. Amawotcha mnofu wodwala ndi wabwino womwe. Ntchito yake iyeyo ndi kuwakulunga m'timatumba ta mafuta, tating'ono kwambiri moti diso silingatione, kuti tiyende m'magazi tili totseka, tikatseguke pa chotupa pokha. Edina anapukusa mutu kuti sakumva. Tadala analoza kumsewu.

"Amayi, mumawaona makontena aja? Amawatseka kudoko ku Beira, amadutsa pa Zobue, amadutsa pano, palibe wotsegula mpaka akafike kwa mwini katundu. Ndi zomwe ndikuyesa ine. Katundu woopsa akafike kwa mwini wake osatayikira m'njira."

Edina anaseka, nati ndiye kuti tinaphunzitsa mwana kuti akhale dalaivala wa thiraki. Tadala anaonjeza kuti ntchitoyo sinafike pa anthu, akuyesabe m'mbale zagalasi ndi pa timakoswe toyera. Kenaka ananena momveka, ndinamva ndi makutu anga, kuti munthu asayerekeze kuphika chomeracho ndi kumwa, ndi poizoni. Amayi aakulu anali pomwepo, akusankha nyemba m'lichero. Pakati pa nkhaniyo anadzuka kukapirikitsa mbuzi zomwe zinalowa kudimba. Sindidziwa mpaka lero ngati mawu otsirizawo anawamva.

Mvula itatha, achipatala anatiuza kuti palibenso chimene angachite. Anatibweza kumudzi ndi botolo la mofini, mankhwala oletsa ululu. Mankhwalawo ankagwira. Edina ankadya phala, ankakhala padzuwa, tinkapemphera limodzi, ndipo ankadikira Tadala amene anali atapeza kale tsiku lobwera. Kenaka mwadzidzidzi zinthu zinasintha. Anayamba kusanza kosaleka, m'kamwa munatuluka zilonda, zala zinachita dzanzi moti sankatha kugwira sipuni. Tsiku lina pochokera kuboma kukatenga mofini ndinalowera kuseri kwa khitchini, ndipo ndinapeza kampoto ka amayi aakulu, kothyoka chigwiriro, muli masamba ndi mizu zophikidwa mpaka kuda. Ndinazizindikira, zinali za maluwa a pakhoma aja. Ankamumwetsa ine ndikachoka, ndikapita kumunda kapena kutchalitchi. Nesi woyendera odwala m'midzi atabwera anandiuza kuti khansa inali itamutenga kale, koma zimene anamwazo zamulanda mphamvu zochepa zimene zinatsala.

Edina anandigwira dzanja ndi zala zake zosamvazo. "Achemwali anandigwadira akulira, ndikanakana bwanji? Koma Tadala asadziwe. Adzati ndi mawu ake andipha. Mundilonjeze." Ndinalonjeza. Anamwalira tsiku la Tadala lisanakwane.

Limenelo ndilo lonjezo limene ndinakhala nalo pampando paja m'mawa wa maliro.

Dzuwa silinatuluke, koma kunja kunayera ndipo moto wophikira unayamba kuwirikiza kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa. Utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi pakati pa anthu, ndipo amayi ophika ankapukuta maso ndi nsonga za zitenje. Anthu anayamba kufika. Ena pa njinga za kabaza, ena wapansi ndi timatumba ta ufa pamutu. Anafika aphunzitsi ochokera kuboma amene ankamudziwa Tadala ali wamng'ono. Anafika amayi a kutsidya kwa malire, achibale a agogo ake a Edina, akulira m'chilankhulo chawo. Anafika ogula manachesi amene chaka chilichonse ankakangana ndi Edina pa mtengo wa dengu, ndipo mmodzi wa iwo analira kuposa achibale. Amuna anakhala pansi pa mitengo atakweza makolala a majekete. Aliyense wondipatsa dzanja ankati pepani, ndipo ambiri ankaonjeza funso limodzi: kodi mwana uja afika?

Anafika chakum'mawa komwe, pa galimoto yahayala yochokera kubwalo la ndege. Inaima pamene panali masamba a maliro pamsewu, iye anatsika n'kuyenda wapansi, atamanga chitenje pamwamba pa buluku, nsapato zitadzaza matope. M'manja ananyamula nkhata yogula ku Blantyre, yokutidwa ndi pulasitiki. Kulira kwa amayi kunakwera monga mwa mwambo, koma ndinaona kuti mitu yambiri inatembenuka osati kuti ilire, koma kuti imuone.

Nthawi yomweyo adzukulu ena anali atabwera kudzatenga chakudya cha anzawo, miyendo ili katondo yekhayekha. Mmodzi, wamtali, wovala chipewa chong'ambika, anafuula kuti, "Eee, adokotala a makoswe afika! Mwatitengerako chiyani, adokotala? Kwathu kuno makoswe atha chimanga m'nkhokwe. Ife tikufuna owapha, osati owachiritsa!"

Anthu anaseka. Mdzukulu amaloledwa kunena chilichonse pa maliro, ndipo nthabwala zake zimapepuza mitima. Ine ndaseka nawo pa maliro ambiri. Koma mnyamata ameneyu za makoswe sakanazidziwa yekha. Panali amene anamuuza, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti nkhani yayenda usiku wonse pamene ine ndinali kuwodzera.

Tadala anabwera n'kugwada pamatope patsogolo panga.

"Ababa, ndachedwa."

"Wafika, mwana wanga."

"Anavutika?"

"Ankakutchula mpaka kumapeto," ndinatero. Zinali zoona, ngakhale silinali yankho la funso lake.

Analowa m'nyumba ya siwa. Zimene zinachitika mkatimo anandiuza pambuyo pake mayi wina wa mumpingo. Pamphasa ya achibale, pafupi ndi mutu wa bokosi, ndi pamene mwana wa malemu amakhala. Palibe anasuntha. Tadala anaima pakhomo ndi nkhata yake m'manja mpaka mayi wina wa kutsidya kwa malire, amene sankamudziwa n'komwe, anakoka miyendo n'kumupatsa malo pafupi ndi chitseko.

Chakudya chitatha anatulutsa bokosi pabwalo kuti anthu aone nkhope. Ine ndinayamba, atandigwira mkono mkulu wa mpingo mnzanga. Edina anali atachepa ngati mtsikana. Tadala anabwera pambuyo panga ndipo anakhalitsa. Anawerama, n'kuyang'ana milomo ya amayi ake pamene zilonda zija zinasiya zipsera. Anadzutsa mutu n'kundifunafuna ndi maso. Ine ndinayang'ana kwa abusa.

Kenaka inafika nthawi ya mawu. Woimira mfumu analankhula mwachidule. Anaimirira mwini mbumba, amalume ake a Tadala, kuti afotokoze za kudwala kwa malemu monga mwa mwambo. Ndi munthu amene ndakhala naye bwino zaka zonsezi. Tinakumbira limodzi chitsime cha pamudzi pano. Anayamba bwino, kuchokera tsiku limene mlongo wake anayamba kudandaula, maulendo a ku Blantyre, kubwezedwa kwake kumudzi. Anathokoza mpingo, anathokoza amayi aakulu chifukwa chosamalira wodwala, anandithokoza inenso. Kenaka anakhosomola n'kusintha mawu.

"Mbumba ino tinkayenda modzitama. Tinkati tili ndi mwana wodziwa mankhwala a nthenda imeneyi. Lero taphunzira kuti mankhwalawo ndi a makoswe a azungu. Khoswe akudya bwino, akubayidwa jakisoni, akuchira. Mlongo wanga wagona apayu anachepa, sanafike pa khoswe. Ndatha ine."

Panamveka kung'ung'udza, ena kuvomereza, ena kudabwa. Abusa anatsegula Baibulo n'kumayang'ana tsamba limodzi. Tadala anali pakati pa amayi, mutu uli pansi, osagwedezeka.

Ndinagwira miyendo ya mpando ndi manja onse awiri. Ndikanatha kuimirira. Mawu ochepa okha akanakwana, ndipo bwalo lonse likanatembenukira kwina. Koma mawu omwewo akanalowanso m'makutu a Tadala, ndipo akanamupweteka kuposa chipongwe cha amalume ake. Chipongwe chimatha. Akwera ndege, adzakwiya, adzaiwala. Chinacho sakanachitula moyo wake wonse. Ndinayang'ana amayi aakulu. Ankalira zenizeni, mamina ndi misozi, akudziguguda pachifuwa. Ndinakhalabe pansi. Mkulu mnzanga uja anandipanikiza bondo ndi dzanja, poganiza kuti ndi chisoni chokha chikundinjenjemeretsa.

Abusa analalikira za nyumba ya Atate ya malo ambiri. Sindikumbuka zambiri. Ndikukumbuka kuti mvula inawonjezera pang'ono ndipo anthu anayamba kufunda mapepala a pulasitiki.

Ulendo wa kumanda unadutsa m'munda mwathu mwa manachesi, chifukwa njira ya kudambo inali itadzaza madzi. Amayi a mumpingo anatsogola ndi nyimbo, zovala zawo zoyera zitathimbirira m'munsi. Bokosi linkayenda paphewa ndi paphewa, amuna akulandirana mosalankhula, ena akuterereka n'kugwirwa ndi anzawo. Nthambi zolemera zipatso zinkakhudza chivundikiro. Ndinaona anthu ena akutola manachesi ogwa n'kuika m'matumba a majekete akuimba, ndipo sindinawaone ngati olakwa. Edina akanawatolera yekha. Tadala ankayenda kumbuyo kwa achibale, payekha, nkhata yake atayikumbatira pachifuwa. Ndinafuna kubwerera kuti ndiyende naye, koma mwamuna wa malemu amayenda pamene amuika.

Kumanda tinapeza adzukulu akukapa madzi m'dzenje ndi chidebe. Anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anaponya dothi, ndipo makasu anayamba ntchito. Dothi lonyowa limagwa molemera. Phokoso lake pa matabwa ndimalimvabe. Mtumbira utakwera anausalaza ndi manja, ndipo woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata. Anaitana ine. Ndinaika yanga kumutu n'kubwerera. Kenaka anaitana mwana wa malemu.

Tadala anatuluka pagulu. Asanafike pamtumbira, amayi aakulu anamutchingira njira. Anamulanda nkhata ya ku Blantyre ija n'kupatsa mtsikana wina kumbuyo, ndipo m'manja mwake anaikamo ina, yolukidwa m'mawa uja ndi maluwa a pakhoma.

"Ikani iyi. Si mankhwala anu amenewa? Apatseni mayi anu."

Tadala anailandira osanena kanthu. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, ndipo mumtima ndinathokoza. Koma kukhala chete kwake kunawakwiyitsa kwambiri. Amayi aakulu anatembenukira kugulu.

"Ife osaphunzirafe tinayesa! Anabwera pano mwanayu, anathyola duwa pamaso panga, anati muli mankhwala. Kutumiza osatumiza. Ine ndinati mng'ono wanga asafe mankhwala ali pakhomo. Ndinaphika, masamba ndi mizu yomwe, ndinam'mwetsa m'mawa ndi madzulo. Wachira? Si uyu tam'kwirirayu? Unatinamiza, mwana iwe!"

Sankaulula kanthu. Ankadziteteza, ankaonetsa anthu kuti iwo anachitapo kanthu pamene wophunzira anakhala manja lende. Ambiri pamandapo anamva chomwecho, ndipo ena anagwedeza mitu kuwamvera chisoni.

Tadala anafunsa motsitsa kwambiri moti ndi ife apafupi okha tinamva.

"Munawamwetsa?"

"Ndanena kale."

"Zophika? Za m'mpoto?"

"Nanga ndikanam'patsa zaziwisi ngati mbuzi?"

Tadala anatembenukira kwa ine. "Ababa?"

Ndakhala mkulu wa mpingo nthawi yaitali, ndipo pa mtumbira wa mkazi wanga sindikanatha kunama. Kunena zoona sindikanathanso, chifukwa ndinalonjeza. Ndinayang'ana pansi. Iye ndi mwana wanga, amandidziwa. Limenelo linali yankho.

Anagwada. Anaika nkhata ija pakati pa mtumbira mosamala, n'kukonza duwa limodzi limene linapindika. Kenaka anatulutsa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu, osati kulira kwa maliro kumene tonse timakudziwa, koma ngati munthu amene wapondedwa ndi chinthu cholemera pachifuwa. Anagwira dothi ndi manja onse. Kumbuyo kwanga mayi wina anauza mnzake kuti, "Mwaona? Chikumbumtima cham'gwira." Woyendetsa mwambo anadikira pang'ono, kenaka anaitana dzina lotsatira.

Tinabwerera kumudzi. Anthu anasamba m'manja pa beseni la pakhomo, anadya zotsala, n'kuyamba kubalalika mvula isanakule. A kabaza ankaitanira okwera pamsewu. Amayi anayamba kukwecha miphika ndi mchenga, aliyense akufunafuna wake. Amalume anabwera kudzandiuza kuti mawa m'mawa tidzakhala pansi ngati banja, ndi kuti ndisadandaule, pamudzi pano palibe adzandithamangitse. Ndinathokoza.

Tadala ndinam'peza kuchipinda, atakhala pabedi la amayi ake. Sanalirenso. Anandifunsa ngati mmene nesi amafunsira.

"Ankasanza?"

"Eya."

"Zala zinachita dzanzi? Miyendo?"

"Eya."

"M'mimba munauma?"

"Eya, mwana wanga."

Ankadziwa chilichonse ndisananene. Zimene ine ndinaziona ndi maso usiku ndi usana, iye anali ataziwerenga kale ndi kuziona pa timakoswe take, ndipo ntchito yake yonse inali yoti zimenezo zisamachitikire munthu.

"Ndikanapanda kuthyola duwa lija," anatero.

Lonjezo linali litasweka kale, osati ndi ine, choncho ndinamuuza zonse. Ndinamuuza za kampoto, za mawu a nesi, kuti khansa inali itawatenga kale amayi ake. Ndinamuuza kuti ndinamumva ndi makutu anga akuchenjeza pakhonde paja, ndipo ndidzachitira umboni pamaso pa Mulungu. Ndinamuuzanso zimene amayi ake anandipempha, ndi chifukwa chake.

"Ndiye munakhala chete amalume akundinyoza."

"Ndinakhala chete."

"Akanandidikira, Ababa. Akanapanda kumwa zimenezo ndikanawapeza."

"Mwina. Sindidziwa."

Anaimirira, nati akupita kukawauza amayi aakulu chimene anachita, pamaso pa onse amene atsala pabwalo. Sindinamuletse. Ndinati ali ndi ufulu, ndipo akafuna ndiima pambali pake. Anafika pakhomo n'kuima. Kuchokera pamenepo ankawaona amayi aakulu atawerama pa mphika waukulu, akukwecha, msana utanyowa, mpango utagwera paphewa. Ndi mayi wokalamba, wowonda, amene anamubereka Tadala kumbuyo ali khanda pamene Edina ankadwala. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabwerera n'kutenga chikwama chake.

"Akadziwa adzadzimangirira," anatero. "Asiyeni aziti ndine wabodza."

Ndinamupempha kuti agone, chifukwa kuchoka tsiku la maliro lomwelo, banja lisanakhale pansi, anthu adzakuwerengera ngati mlandu wina. Anati awerengere. Anati pamudzi pano sadzapondanso, ndikafuna kumuona tizikakumana ku Blantyre. Ndinamufunsa za ntchito yake. Anati sakudziwa ngati adzathenso kuligwira duwa limenelo. Ndinam'perekeza mpaka pamsewu, pamene dalaivala wa galimoto ija ankadikira akusenda nachesi. Masamba a maliro aja anali atapondedwapondedwa m'matope. Anandikumbatira, chinthu chimene sanachitepo chikulire, n'kukwera.

Pobwerera ndinapeza bwalo litatsala ndi mapulusa onyowa ndi mafuwa. Amayi ochepa otsalira kugona m'nyumba ya siwa anali kukhitchini. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pampando wanga wa masiku onse. Kunali kukuda. Ndinamva kuodira pakhomo.

Anali amayi aakulu. Anagwada pakhonde monga amachitira nthawi zonse akamalankhula nane.

"Alamu, ndimati nditenge kampoto kanga kaja. Kothyoka chigwiriro."

Ndinali nditakatsuka tsiku lomwe ndinakapeza n'kukabisa pansi pa bedi. Ndinakatenga n'kubwera nako.

"Mwana uja wapita osatsanzika?" anafunsa. "Mwaona, alamu? Mwaona mmene sukulu imawachitira?"

Ndinawapatsa kampoto kaja. Anakatembenuza kampotoko m'manja, n'kuyamba kulira mwakachetechete.

"Koma ine ndinayesetsa, alamu. Mizu ija ndinkakumba ndi manja angawa. Usiku sindigona, ndimangoganiza. Mwina ndinkachepetsa. Mwina ndikanam'patsa wambiri akanakhala moyo."

Ndinawayang'ana. Mawu anafika pakamwa, onse, okonzeka. Ndinakumbukira Edina akusanza m'beseni, ndinakumbukira mwana wanga atagwira dothi la pamanda. Ndinakumbukiranso zimene mwanayo ananena ataima pakhomo lomweli.

"Munam'konda mng'ono wanu," ndinatero. "Pitani mukapume."

Anapita, kampoto kali m'manja.

Nyumba inakhala zii. Mvula inali italeka, madzi okha akudontha kuchokera kudenga kugwera pamene panali maluwa. Khoma lonse linali mbee, patangotsala timitengo tobudulidwa. Pa msomali panali mpango wa Edina, pawindo botolo la mofini losatha. Kumsewu magalimoto a makontena ankapitabe kumalire, otseka, ndi katundu wawo.

M'mawa wa tsiku limenelo ndinali ndi mkazi woti ndimuike ndi mwana woti ndimuteteze. Pofika madzulo mkazi anali m'dothi, mwana ali pamsewu atanyamula chimene amayi ake anafa akumubisira. Anthu amene anachita zimenezi anali kuseri kwa nyumba yanga, akuotha moto wa nkhuni zanga, ndipo mawa lake ndinayenera kukhala nawo pamphasa imodzi. Ndinagwada pafupi ndi bedi. Pemphero silinabwere msanga. Ndinawatchula mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu: mlamu wanga amene analankhula pabwalo, mdzukulu wa chipewa chong'ambika, amayi amene sanasunthe pamphasa, mayi amene ananong'ona kumanda, ndi amayi aakulu. Pa dzina lotsirizali ndinakhalitsa, mpaka mawondo anachita dzanzi.

Ndinawakhululukira.